Kulumikiza Zizindikiro za Masamu m'Chinenero cha J

Chinenero cha kompyuta chotchedwa J anachiyambitsa Kenneth Iverson ndi Roger Hui mu 1990. M'chinenerochi +/ amaphatikiza nambala zonse za pa mndandanda, # amaziŵerenga kuti zilipo zingati, ndipo % amagaŵa. Tikalumikiza zitatuzi tapanga lamulo latsopano, ndipo tilitcha dzina:

avareji =: +/ % #

Tilembe avareji 40 55 70. Kompyuta ipeza 165, igaŵa ndi 3, niyankha 55.

Koma chenjerani, aphunzitsi. J amayambira kumanja, motero 2*3+4 ndi 14, osati 10. Mwana amene anazoloŵera kuyamba ndi kuchulukitsa adzatsutsa ndithu. Musamdzudzule, pakuti akutsata zimene tinamphunzitsa tokha. Mlembereni 2*(3+4) pabolodi, ayerekeze yekha.