Thovu Lophulika M'ndowa: Chenjezo kwa Ochotsa Dzimbiri ndi Magetsi

Dzimbiri ndi mdani wakale wa ziwiya zachitsulo. Simbi ya makala ikagona pakhonde dzinja limodzi lokha, kapena mphika wachitsulo wa miyendo itatu ukaiwalika kuseri kwa nkhokwe, umapezeka utafiira ngati dothi la katondo. Ziwiya zoterezi, pamodzi ndi zigayo zamanja ndi miyendo ya makina osokera, zimapangidwa posungunula chitsulo ndi kuchithira m'chikombole, ndipo amisiri amachitcha cast iron. Ndi chitsulo cholemera ndi chokhalitsa, chakuti mdzukulu amachilandira kwa agogo ake chikugwirabe ntchito. Nchifukwa chake palibe amene amafuna kuchitaya.

Makolo athu ankakwecha dzimbiri ndi mchenga ndi phulusa. Lero kuli njira ina imene anthu osunga ziwiya zamakedzana ku Ulaya ndi ku America amaikonda kwambiri, ndipo aliyense amene ali ndi foni ya intaneti akhoza kuiona pa kanema. Njirayi ndi yochotsa dzimbiri ndi magetsi, ndipo dzina lake ndi electrolysis. Zofunika zake zimapezeka ngakhale kumudzi: ndowa ya pulasitiki, madzi, soda wochapira zovala, chitsulo china chotha ntchito, ndi tchaja ya batire la galimoto. Njirayi imagwiradi ntchito, sitikana ayi. Koma m'ndowamo mumatuluka mpweya wophulika umene diso silingauone ndipo mphuno singaununkhize.

Madzi sakuwira, akugawika

Waya wakuda wa tchaja amaulumikiza ku chiwiya cha dzimbiri, wofiira ku chitsulo chotha ntchito chija, ndipo ziwirizo amazimiza m'madzi a soda popanda kukhudzana. Magetsi akayatsidwa, timathovu timayamba kutumphuka. Woona amayesa kuti madzi akuwira, koma sakuwira. Madzi adapangidwa ndi mipweya iwiri, haidirojeni ndi okosijeni, ndipo magetsi amailekanitsa. Oyamba kulekanitsa madzi ndi batire adali William Nicholson ndi Anthony Carlisle ku London m'chaka cha 1800. Pa chiwiya chimene chikutsukidwa pamatuluka haidirojeni, pa chitsulo chinacho pamatuluka okosijeni. Mpweya woyambawo ndiwo umayaka, wachiwiriwo ndiwo umakoleza moto. Tinganene kuti nkhuni ndi mphepo zikutuluka m'ndowa imodzi, chosowa ndi machesi basi.

Haidirojeni ndiye mpweya wopepuka koposa mipweya yonse, wopepuka ka 14 kuposa mpweya umene timapuma. Henry Cavendish adaufotokoza m'chaka cha 1766 nautcha mpweya woyaka. Ukakwana magawo 4 okha pa magawo 100 a mpweya wa pamalo, ndiye kuti ukhoza kuyaka, ndipo umayakabe kufikira magawo 75. Kambaliwali kochepa kwambiri, kakuti sikangayatse nthunzi ya petulo, kamauyatsa. Lawi lakenso siliwoneka bwino masana.

Chivundikiro ndicho chimapha

Pano tiyenera kunena mosakokomeza. Tchaja yotulutsa maampeya 10 imapanga malita pafupifupi 4 ndi theka a haidirojeni pa ola limodzi. Ikagwira ntchito usiku wonse, maola 10, ndiye malita 45, kuposa ndowa ziwiri zotungira madzi. Ntchitoyi ikachitikira panja, mpweyawo umakwera kumwamba nkubalalika, ndipo ngozi imachepa zedi. Ngakhale chipinda cha mamita 3 m'litali, 3 m'lifupi ndi 2 ndi theka msinkhu chimafuna malita 900 kuti chonse chifike pa mlingo woyaka. Choncho kawirikawiri si nyumba yonse imene imaphulika.

Ngozi yeniyeni ili m'malo aang'ono otsekeka. Taganizani ndowa ya malita 20 imene mwathiramo madzi malita 15, kenaka mwaivundikira. Pakati pa madzi ndi chivundikiro patsala malo a malita 5. Kuti malo amenewa afike pa mlingo woyaka pafunika haidirojeni wosadzaza nkomwe kapu ya tiyi, ndipo tchaja ija imamupanga mphindi 3 zisanathe. Kuchokera pamenepo mpweyawo ukungochulukira, uku ukusakanikirana ndi okosijeni wotuluka m'ndowa yomweyo.

Chomvetsa chisoni nchakuti munthu amavundikira ndowa chifukwa chosamala. Akuopa kuti mwana angapisemo dzanja, nkhuku kapena mbuzi zingamwe madziwo, akuba angatenge tchaja usiku. Ndiye amavundikira, kapena kuika zonse m'mgolo, m'kabati, kapena m'kachipinda kosungiramo katundu kopanda zenera. Maganizo abwino, koma zotsatira zake nzoopsa. Ngati mukuopa ana ndi ziweto, tchingani malowo ndi kampanda kapena waya wa nkhuku, kumwamba kukhale poyera. Ngati mukuopa akuba, gwirani ntchitoyo masana muli pomwepo.

Pali misampha ina iwiri imene anthu saiganizira. Mphika womizidwa chozondotsa umasunga mpweya mkati mwake monga mmene dengu lovundikira limasungira anapiye, ndipo mpweya wonsewo umatuluka kamodzi poutembenuza. Uikeni kukamwa kwake kuli m'mwamba kapena chammbali. Msampha wachiwiri ndi thovu lofiirira limene limaunjikana pamwamba pa madzi. Limaoneka ngati litsiro chabe, koma m'timathovu mwakemo mwatsekeredwa mipweya iwiri ija. Moto ukalikhudza limaphulika ndi kuwaza madzi a soda kumaso, ngakhale muli panja.

Nanga moto umachokera kuti? Ndudu ya fodya, mbaula yoyaka pafupi, koloboyi kapena kandulo imene munthu wabwera nayo usiku kudzaona mmene ntchito ikuyendera. Koma mbaliwali yoopsa koposa imatuluka m'manja mwa mwini ntchito. Mukachotsa chopanira cha waya tchaja idakali yoyaka, pamathetheka kamoto, ndipo nthawi imeneyo nkhope yanu ili chowerama pamwamba penipeni pa thovu. Lamulo lake nlimodzi. Poyamba ntchito, lumikizani mawaya kaye, kenaka muyatse magetsi. Pomaliza, zimitsani ndi kuzula pulagi pakhoma, dikirani mphindi zingapo kuti mpweya uchoke, ndipo pamenepo ndiye mukhudze mawaya. Onetsetsaninso kuti zitsulo ziwiri zija nzomangidwa bwino kuti zisagwerane m'madzimo. Tchaja ikhale patali ndi ndowa, pamalo ouma. Magetsi a pakhoma, a mavoliti 230, asalumikizidwe m'madzi mwachindunji ngakhale kamodzi, pakuti imeneyo ndi imfa ya pomwepo.

Safunsa adadya phula

Soda wochapira akasowa m'sitolo, munthu amaganiza zothira mchere. Musatero. Magetsi akadutsa m'madzi a mchere pamatuluka mpweya wa kolorini. Kolorini amene alangizi a zaumoyo amatipatsa kuti tithire m'madzi akumwa ndi woyezedwa bwino, ndipo amatiteteza ku kolera. Koma kolorini wa mpweya amawotcha maso ndi mapapo, mwakuti adamugwiritsa ntchito ngati chida cha nkhondo ku Ypres m'dziko la Belgium m'chaka cha 1915. Akasakanikirana ndi haidirojeni, nayenso amaphulika.

Chitsulo cholumikiza ku waya wofiira chikhale chitsulo wamba. Masupuni ndi mbale zonyezimira zosachita dzimbiri zili ndi chromium, amene amasungunukira m'madzimo nasanduka poizoni woyambitsa khansa. Soda waukali wopangira sopo nayenso ngwosayenera, chifukwa amadya khungu ndi maso, ndipo akakhudza mapoto a aluminiyamu amatulutsa haidirojeni ngakhale popanda magetsi. Madzi otsala musawataye pafupi ndi chitsime kapena podyera ziweto.

Kunena zoona, amene ali ndi mphika umodzi kapena simbi imodzi alibe chifukwa chovutikira ndi zonsezi. Mchenga, phulusa ndi madzi a mandimu zimachotsa dzimbiri bwino lomwe. Mukatsuka, umitsani chiwiyacho pamoto ndi kuchipaka mafuta ophikira pang'ono kuti dzimbiri lisabwerere. Koma mphika umene wina adasungunuliramo mtovu wa m'mabatire usaphikidwenso chakudya, ngakhale utawala bwanji.

Batire la pansi pa bedi

Ambiri mwa inu simudzatsuka chiwiya ndi magetsi, koma m'nyumba zambiri muli batire la galimoto kapena la sola loyatsira nyali, wailesi ndi kutchajira mafoni. Mkati mwa batire lotere muli zipinda 6 za madzi a asidi, ndipo likamatchajidwa, makamaka likayandikira kudzaza, chipinda chilichonse chimatulutsa mipweya iwiri yomwe ija. Batire likaphulika limawaza asidi ndi zidutswa za pulasitiki. Choncho malo ake si pansi pa bedi kapena m'bokosi lotseka, koma pamalo opita mphepo. Musayese mphamvu yake pogunditsa waya ku mitu yake iwiri kuti muone ngati pathetheka moto, ndipo musasuzumire m'mabowo ake ndi machesi. Batire lotupa kapena lotentha kwambiri potchaja lichotsedwe ntchito.

Ngozi ikachitika

Zimitsani magetsi musanakhudze wovulalayo. Ngati madzi a soda kapena asidi alowa m'maso, musathamangire kuchipatala kaye. Yambani ndi kutsuka pomwepo. Mupendeketse mutu wake kuti diso lovulalalo likhale mmunsi, tsegulani zikope ndi zala zoyera, ndipo thirani madzi oyera mosalekeza kwa mphindi 20 kapena kupitirira. Mphindi zoyambirirazi ndizo zimapulumutsa diso. Soda amalowerera mkati mwa diso kuposa asidi, choncho musanyengeke poona kuti ululu wachepa. Musathiremo mkaka, shuga kapena madzi a zitsamba, ndipo wodwalayo asatikite. Ngati kachidutswa kabaya diso, musakazule ndipo musapanikize. Phimbani disolo ndi kapu yoyera, mangani mopepuka, nimupite naye.

Vulani zovala zonse zimene zanyowa ndi asidi kapena soda. Pamene papsa thiranipo madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, chotsani mphete ndi zibangili malowo asanatupe, kenaka phimbani ndi nsalu yoyera. Mazira, mafuta, mankhwala otsukira mano ndi ndowe sizichiza bala la moto, zimangobweretsa tizilombo. Ngati khutu likulira, lagontha kapena likutuluka magazi, musathiremo kanthu, pakuti mwina nembanemba ya mkati yabooka. Amene akutsokomola kapena kubanika atapuma mpweya wa m'ndowa atulutsidwe panja, akhale tsonga, ndipo apite kuchipatala ngakhale aoneke ngati wapeza bwino, chifukwa mapapo akhoza kudzaza madzi patapita maola angapo.

Mukafika kuchipatala, fotokozani bwino chimene chidali m'ndowa, kaya soda, mchere kapena asidi, ndiponso nthawi imene ngozi idachitika. Ngati paketi yake ilipo, itengeni. Nenaninso chaka chimene wovulalayo adalandira katemera wa kafumbata, popeza mabala a moto ndi a zitsulo zakuda ndi khomo la matendawa. Akakutumizani ku chipatala chachikulu cha boma kapena kwa madokotala a maso, monga a ku Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Nkhoma, pitani tsiku lomwelo, musadikire kuti kuche.