Pamene Wantchito ndi Bwana Akhala pa Tebulo Limodzi

M'phunziro la lero tikambirana za makomiti a pa ntchito, ndiko kuti timagulu m'mene antchito ndi mabwana awo amakhala pamodzi kuti akambirane za kayendetsedwe ka kampani.

M'mawa uliwonse anthu amalowa m'tauni ya Lusaka kuchokera mbali zonse. Wina wakwera basi ku Chelstone natsata msewu wa Great East. Wina wayenda pansi kuchokera ku Kabwata. Wina watuluka pa galimoto lake ku Kabulonga kapena ku Woodlands. Mwina atatuwa akupita ku fakitale imodzi. Woyamba amayendetsa makina, wachiwiri amasenza matumba, wachitatu ndiye manijala. Tsono funso lathu ndi ili: makina akayamba kuvulaza anthu, kapena kampani ikafuna kuchotsa antchito 30, ndani mwa atatuwa ali ndi mawu? M'masiku a atsamunda yankho linali lapafupi. Mawu anali a bwana yekha, ndipo enawo ankangomva zotsatira zake kwa kapitawo.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene ana ambiri, ngakhale akulu omwe, amazisokoneza. Chinthu choyamba ndi bungwe la antchito, limene ambiri amalitcha yuniyoni. M'bungweli muli antchito okhaokha. Ntchito yake yaikulu ndiyo kukambirana ndi olemba ntchito za malipiro, maola a ntchito ndi masiku a tchuthi, ndipo zikakanika chida chake chomaliza ndi kunyanyala ntchito. Mabungwe otere anasonkhana pansi pa bungwe lalikulu la Zambia Congress of Trade Unions, limene linakhazikitsidwa mu 1965. Komiti imene tikunena lero ndi chinthu china. Imakhala m'kampani imodzi yokha, ndipo m'kati mwake muli mbali zonse ziwiri, antchito ndi mabwana.

Kodi maganizo amenewa anabwera bwanji kuno? Mu April 1968, pa msonkhano wa ku Mulungushi, Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 mwa magawo 100 a makampani akuluakulu angapo. Mu August 1969, ku Matero muno mu Lusaka, analengeza zomwezo za migodi ya mkuwa. Koma kampani kukhala ya boma sikunatanthauze kuti wosenza matumba uja wayamba kumvedwa. Bwana anasintha, koma chitseko cha ofesi chinali chotsekabe. Chotero atsogoleri anayang'ana kwina. Ku Yugoslavia antchito anali ndi makhonsolo awo m'mafakitale kuyambira mu 1950, ndipo dzikolo linali bwenzi lathu lapamtima. Kampani ya kumeneko ndiyo inamanga nyumba ya misonkhano ya Mulungushi muno mu Lusaka mu 1970. Ku West Germany kunali lamulo la makhonsolo a pa ntchito la 1952. Anansi athu a ku Tanzania nawonso anayamba zofananazo mu 1970.

Mu 1971 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lotchedwa Industrial Relations Act. Lamuloli linati kampani iliyonse yokhala ndi antchito 100 kapena kuposerapo ikhale ndi khonsolo ya pa ntchito, imene m'Chingerezi inkatchedwa Works Council. Zinatenga nthawi: makhonsolowo anayamba kugwira ntchito mu 1976. Mamembala ankakhala osachepera 3 ndiponso osapitirira 15. Magawo awiri mwa atatu ankasankhidwa ndi antchito, gawo lotsalalo ankaliika ndi mabwana. Ana inu, tengani pensulo. Ngati khonsolo ili ndi anthu 9, antchito ndi angati? Ndi 6, mabwana 3. Nanga ikakhala ndi anthu 15? Mudzapeza nokha.

Mukaona masamu amenewa mudzaganiza kuti antchito ndiwo ankalamulira, popeza anali ambiri. Apa ndi pamene muyenera kutchera khutu, chifukwa mphamvu ya khonsolo sinali yofanana pa nkhani zonse.

Pa nkhani za umoyo ndi chisamaliro cha antchito, monga chipatala, nyumba, kantini ndi penshoni, khonsolo inkayenera kufunsidwa maganizo ndi kutengako mbali. Pa malamulo okhudza antchito enieni, monga kalembedwe ka anthu, kusamutsa munthu, chilango, kuchepetsa antchito ndi chitetezo, mphamvu yake inali yaikulu koposa: mabwana sakanayamba dongosolo latsopano khonsolo isanavomereze. Akalephera kumvana, nkhani inkatha kufika mpaka ku khoti la milandu ya ntchito, Industrial Relations Court, limene lamulo lomweli linakhazikitsa. Koma pa nkhani za ndalama, monga kumene kampani iike chuma chake, kagawidwe ka phindu ndi kusankha mabwana akuluakulu, khonsolo inkangouzidwa zimene zagamulidwa kale. Inali ndi ufulu wa kumva, osati wa kukana.

Tiyerekeze kuti pali fakitale yophika buledi. Eni ake agamula kugula uvuni watsopano umene munthu mmodzi angauyendetse m'malo mwa anthu 5. Kugula uvuni ndi nkhani ya ndalama, choncho khonsolo ingouzidwa. Uvuni ukafika, anthu 4 alibe chochita, ndipo apa khonsolo ili ndi mawu pa za kuchotsa anthu. Koma taonani: uvuni wagulidwa kale, ndalama zapita. Khonsolo ingathe kulimbikira kuti anthu 4 aja awasamutsire ku chipinda chomangira buledi kapena ku magalimoto, kapena kuti apatsidwe nthawi ndi chipukutamisozi choyenera. Zimenezi si zazing'ono kwa banja limene likulipira lendi ndi kugula ufa. Komabe chigamulo chenicheni chinachitika m'chipinda chimene iwo sanalowemo. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene panali kufooka kwakukulu kwa lamulo lija.

Panalinso vuto lina limene likukukhudzani inu ana a sukulu. Manijala ankabwera ku msonkhano ndi mapepala odzaza manambala, olembedwa m'Chingerezi cha akatswiri a ndalama. Ambiri mwa oimira antchito anali anthu anzeru ndi odziwa makina awo, koma sukulu inali yosowa m'nthawi ya atsamunda. Pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964, Azambia omaliza maphunziro a ku yunivesite anali pafupifupi 100 okha. Munthu amene sangathe kuwerenga kuti phindu ndi liti ndipo ngongole ndi iti, ngakhale mumpatse mpando wabwino, adzangogwedeza mutu. Anthu 6 osamva manambala amagonja kwa anthu 3 owamva. Aphunzitsi, pophunzitsa mapelesenti ndi magawo, kumbukirani msonkhano umenewu.

Nayo yuniyoni inkayang'ana makhonsolo ndi diso lokayika. Atsogoleri ake ena ankaopa kuti boma ndi chipani cha UNIP, chimene chinali chokhacho chololedwa kuyambira kumapeto kwa 1972, afuna kuwalanda anthu awo. Malipiro, amene ndiwo wantchito amawaganiza usiku, anatsala m'manja mwa yuniyoni, ndipo pa malo ena a ntchito panalinso komiti ya chipani. Wantchito wodandaula ankadzifunsa kuti apite kwa yani mwa atatuwa. Nawonso mabwana ena ankaiona khonsolo ngati chinthu chongochedwetsa ntchito.

Mu 1991 Frederick Chiluba, amene anatsogolera Zambia Congress of Trade Unions kuyambira mu 1974, anasankhidwa kukhala Pulezidenti. Boma lake linayamba kugulitsa makampani a boma, ndipo lamulo latsopano la 1993, Industrial and Labour Relations Act, silinasunge makhonsolo aja. N'chinthu chochititsa chidwi kuti anatha mu ulamuliro wa munthu wochokera ku yuniyoni. M'malo mwake lamulolo linakhazikitsa khonsolo ya dziko lonse m'mene boma, olemba ntchito ndi mabungwe a antchito amakambirana za malamulo a ntchito.

Koma tebulo lija silinatayidwe lonse. Mu 2010 lamulo la Occupational Health and Safety Act linalamula kuti wolemba ntchito anthu 10 kapena kuposerapo akhazikitse komiti yoona za umoyo ndi chitetezo, mbali ziwirizo zikhale ndi mamembala ofanana, ndipo oimira antchito asankhidwe ndi antchito anzawo kapena ndi yuniyoni. Komiti yotere siikamba za phindu. Imakamba za waya wa magetsi wosendeka, fumbi la simenti, chitseko chothawira moto chimene wina wachitseka ndi makatoni, magolovesi ndi zipewa zolimba. Pa zinthu zimenezi woyendetsa makina ndiye katswiri, manijala ndiye wophunzira. Paja akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Aphunzitsi, pambuyo pa phunziroli gawani kalasi. Ana 6 akhale oimira antchito, ana 3 akhale mabwana, ndipo akambirane nkhani ya uvuni ija. Mabwana okha apatseni pepala la manambala: mtengo wa uvuni ndi malipiro a anthu 5 pa chaka. Akambirane kwa mphindi 10. Kenaka perekani pepala lomwelo kwa onse 9, ayambenso, ndipo otsala m'kalasi alembe chimene chasintha. Inu ana, mukafika kunyumba funsani makolo kapena agogo amene anagwira ntchito m'kampani yaikulu pakati pa 1976 ndi 1993 ngati pa ntchito pawo panali khonsolo, ndani ankawaimira, ndi nkhani iti imene amaikumbukira. Mayankho awo mudzabwere nawo sabata ya mawa.