Kukonza Cishalo ca Njinga ya pa Cipale

Lero tiyenda ulendo wa kutali, ku maiko ozizira monga Canada, Finland ndi Norway. Kumeneko m'nyengo ya cisanu nthaka imakutidwa ndi cipale cofewa, coyera mbuu ngati ufa, ndipo magudumu a galimoto amangotitimira. Cotero anthu amayenda pa makina ochedwa snowmobile, ofanana ndi njinga yamoto. Kutsogolo kwake kuli timatabwa tiwiri totsetsereka, ndipo kumbuyo kuli lamba wa mphira amene amapalasa cipale.

Mmodzi wa anthu amene anakometsa makinawa ndi Joseph-Armand Bombardier wa ku Valcourt, m'cigawo ca Quebec. Mu 1934 mwana wace anamwalira pamene misewu inatsekeka ndi cipale, osatha kumfikitsa ku cipatala. Bamboyo analimbikira nchito yace, ndipo mu 1959 anayamba kugulitsa njinga yaing'ono yochedwa Ski-Doo. Alenje a mtundu wa Inuit ndi abusa a mtundu wa Sámi amaigwiritsa nchito masiku onse.

Munthu wotere amakhala pa cishalo maora ambiri, ndipo cishalo ca ku fakitale sicimayenera munthu ali yense. Cikatsika kwambiri, maondo amakwera kupitirira ciuno; pamenepo wokwera sangaimirire msanga pofika pa mabampu, ndipo msana ndiwo umalandira kugunda konse. Cikatambalala kwambiri, cimapweteka nchafu. Nkona ambiri amacikonza okha pakhomo.

Cishalo cili ndi zinthu zitatu: thabwa la pansi, siponji ya pakati, ndi nsalu ya pulasitiki yokuta pamwamba, yokhomedwa ndi timisomali ta waya. Mmisiri amayamba wazula timisomaliti mosamala kuti asang'ambe nsaluyo. Kenaka amalemba mzere ndi coko pakati peni-peni pa siponji, kuti mbali ziwirizo zikhale zolingana. Akatero amakhalapo ndi kusonyeza malo amene akumupweteka.

Poceka amagwiritsa nchito mpeni wa magetsi wa kukhichini, kapena sowo yodulira zitsulo, napala ndi tupa kapena sandipepala kufikira pasalala. Lamulo lalikuru ndi ili: cekani pang'ono, khalanipo, cekaninso pang'ono. Siponji yocotsedwa sibwerera m'malo mwace, ndipo amene aceka mopupuluma adzapeza kuti wakhalira thabwa. Kukumba dzenje pakati ndi kulakwanso, cifukwa wokwera ayenera kusendera uku ndi uku pokhota, apo ai njinga ingamugwetse.

Wofuna kukweza cishalo amayamba waceka pamwamba kuti pakhale pathyathyathya, namatapo siponji yina yolimba ndi guluu. Siponji yofewa imakoma poigwira ndi dzanja, koma pa ulendo wautali imaphwa msanga. Cotero yolimba imapita pansi, ndipo yopyapyala ndi yofewa imayalidwa pamwamba kuti ibise mipata ndi zipsera za mpeni.

Mdani wamkuru wa cishalo ca kumeneko ndi madzi. Siponji ili ndi timabowo tambiri-mbiri timene timamwa madzi. Cipale cikasungunuka ndi kulowa pa msoko, usiku madziwo amaundana, ndipo m'mawa cishalo cimauma gwa ngati mwala. Ncifukwa cace mmisiri wanzeru amakuta siponji ndi pepala la pulasitiki asanabwezere nsalu, nakhoma ndi timisomali tosacita dzimbiri. Nsaluyo amayamba waifunditsa, pakuti ikazizira imauma ndi kung'ambika. Amakhoma kutsogolo, kenaka kumbuyo, potsiriza m'mbali, akumakoka mofanana kuti pasakhale makwinya.

Pali cenjezo limodzi. Siponji yotere siyenera kudulidwa ndi waya wamoto, cifukwa utsi wace ndi waululu. Guluu nayenso amagwira moto msanga. Nchitoyi icitikire pamalo opita mphepo, mphuno ndi pakamwa zili zophimba.

Kuno kwathu cipale kulibe, koma cishalo ca njinga yamoto cimapangidwa mwa njira yomweyi, ndipo mvula imacilowa momwemonso. Aphunzitsi, pezani cishalo cakale, mucitsegule pamaso pa ana, ndipo iwo achule zigawo zace zitatu.