Nyumba pa Nsipe: njerwa nza wogulitsa, nanga dothi nlayani?

Munthu wodutsa pa Nsipe pa msewu wa M1, kuchokera paboma la Ntcheu kulowera ku Balaka, amaona malo okopa mtima. Tala ali pakhomo, parishi ya Katolika, chipatala cha mishoni ndi sukulu zili pafupi. Dzina la Nsipe lidamveka dziko lonse pa 17 June 2024, tsiku lomwe adaika m'manda yemwe anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, Dr Saulos Chilima, kwawo m'dera la Mfumu Champiti. Wogwira ntchito ku Lilongwe, ku Blantyre kaya ku Joni akamaganiza za kokhala akadzapuma pantchito, malo otere samuchoka m'maganizo.

Ambiri amathamangira nyumba za m'mbali mwa msewu, poti pamatheka kutsegula golosale. Yambani mwayeza. Pamsewu waukulu ngati M1, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa tala ndi malo a msewu, ndipo khonde lolowa m'malire amenewa a Roads Authority atha kuligwetsa. Madzi nawonso asakupusitseni ndi mpopi woima pabwalo. Damu la Mpira, lomwe limamwetsa Balaka ndi madera ena a Ntcheu, lidauma mu 2018, mipopi nkungokhala chokongoletsa. Kaoneni malowo mu Okutobala, mufunse amayi pamjigo ngati madzi amatuluka tsiku lonse. Mukabwerenso mu Febuluwale, muone ngati pansi sipatumphuka madzi.

Koma nkhani yaikulu ndi ya mwini malo, ndipo apa mpomwe anthu ochokera m'tauni amagwa chagada. Malo ambiri kuno ndi a makolo, ali m'manja mwa mafumu. Ngakhale Ntcheu ndi dziko la Angoni a Inkosi ya Makosi Gomani, maukwati ambiri ndi achikamwini, malo amatsata mzere wa akazi. Bambo amene akukuonetsani nyumbayo atha kukhala mkamwini. Njerwa adaumbadi yekha, malata adagula ndi thukuta lake, koma dothi ndi la mbumba ya akazi ake. Mukapereka ndalama malume a mbumbayo osadziwa, alongo ndi adzukulu adzakupezani tsiku lina mutapaka kale penti.

Kakalata kolembera pabondo, mboni ziwiri za pabawo ndi chidindo cha anyakwawa sizokwanira, ngakhale ambiri amakhutira nazo. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe lidakonzedwanso mu 2022, lidabweretsa makomiti a malo otsogozedwa ndi agulupu, amayi alimonso, komanso mwayi wolembetsa malo m'kaundula. Pitani ku ofesi ya za malo kukhonsolo ya Ntcheu, akuuzeni pomwe dera lanu lafika pa ndondomekoyi. Mbumba ikhale pansi yonse, malire aponde masana anansi akuona.

Anansiwo ndiwo gawo la nyumba lomwe wogulitsa satchula mtengo wake. Pamudzi simukhala ngati ku Area 47 ku Lilongwe, geti chitsekere. Kukagwa maliro mudzayembekezeka kusiwa, ufa kapena nkhuni zili m'manja. Poumba njerwa za sukulu dzina lanu lidzaitanidwa. Gonani kaye kwa mnzanu pafupi ndi malowo Loweruka la kumapeto kwa mwezi, mumve ngati zoimbira za pamalo omwera mowa zimalola mwana kuwerenga, muonenso ngati anthu amagona mbuzi zili m'khola panja kapena amazilowetsa m'nyumba.