"Yes bwana" si kuvomera ayi

Pa sikelo ya tiyi ku Thyolo, kalaliki akatchula makilogalamu a tsikulo, wothyola amayankha kuti "yes bwana". Kodi pamenepo wavomera? Nthawi zambiri ayi. Akungonena kuti "ndamva", monga timayankhira "wawa" akulu akaitana.

Chizolowezichi n'chakale. M'nthawi ya thangata, boma lino likutchedwa Cholo, kutsutsa mzungu mwini esiteti kunkathamangitsitsa munthu pamalo. "Yes" chinali chishango.

Lero mawu achuluka, koma msampha ndi womwewo. Kapitawo akayankha dandaulo lanu pa WhatsApp kuti "noted", sanalonjeze kanthu, wangoona uthengawo. "Okay" mwina n'kuvomera, mwina n'kutopa nayo nkhani. Woterera kwambiri ndi "sorry". Ife timati pepani ngakhale kwa munthu wopunthwa yekha, koma pamaso pa manijala, "sorry" imamveka ngati wavomera mlandu.

Tsono abale, makilogalamu akachepa pa sikelo, ulemu usakutsekeni pakamwa. Nenani m'Chichewa chomveka: "Ndamva bwana, koma sindikuvomereza." Tsiku la malipiro likafika, "yes" uja simungamubwezenso.