Moto wa mu holo ya zisudzo ku Boyertown

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, matauni ang'onoang'ono ambiri ku America anali ndi holo ya zisudzo. Nthawi zambiri inkangokhala chipinda chapamwamba pa masitolo, chodzaza ndi matabwa, makatani ndi nyali za palafini.

Rhoads Opera House ya ku Boyertown, ku Pennsylvania, inali yotere. Usiku wa pa 13 January 1908, anthu oposa 300 anadzazamo kudzaonera sewero limene mpingo wa Lutheran unakonza. Mwadzidzidzi makina oonetsera zithunzi anayamba kutulutsa mpweya mwaphokoso. Anthu anadzidzimuka, wina pa siteji anagunda nyali ya palafini, moto n'kubuka.

Chomvetsa chisoni kwambiri ndi zitseko: zinkatsegukira mkati. Khamu litapanikizana pakhomo, panalibenso wotha kuzikoka. Makwerero othawira analipo kunja, koma kuti munthu awafike ankayenera kukwera pawindo, ndipo panalibe chizindikiro cholozera kumeneko. Anthu pafupifupi 170 anafa, ambiri mwa iwo amayi ndi ana.

Mu 1909 boma la Pennsylvania linakhazikitsa lamulo loti zitseko za maholo zizitsegukira kunja.