Kodi Mumadziwa? Zosowa za The Beatles zimene anthu akuzisakabe

Gulu la The Beatles linatha mu 1970, John Lennon, Paul McCartney, George Harrison ndi Ringo Starr atapatukana, koma kusaka zinthu zawo sikunathe. Alipo anthu amene tulo sapeza chifukwa cha magitala, zimbale, timapepala ndi matepi a anyamata a ku Liverpool amenewa. Ine gululi ndimalikonda kwambiri, ndiye tamvani zina mwa zimene osakawo afukula.

Kodi mumadziwa kuti chimbale choyamba chimene John, Paul ndi George anajambula limodzi chinali chimodzi chokha padziko lonse? Munali mu Julayi 1958, gululo likudziwika kuti The Quarrymen. Anyamata asanu anapita kunyumba ya Percy Phillips ku Liverpool, kumene kunali kasitudiyo, ndipo mtengo wake unali mashilingi 17 ndi sikisi. Anaimba nyimbo ziwiri, ina ya Buddy Holly, ina ya Paul ndi George, n'kutuluka ndi kachimbale kosalimba, kamene kamaperepeseka singano ikamadutsapo. Anagwirizana kuti azikasunga mosinthana. Katafika kwa woliza piyano, John Lowe, kanakhala komweko zaka 23. Mu 1981 Paul atamva kuti kakupita ku okushoni, anakagula yekha pa mtengo umene sanaulule. Enafe tinadzamva nyimbo ziwirizo mu 1995, pa chimbale cha Anthology 1.

Kodi mumadziwa kuti tsiku limene John anakumana ndi Paul koyamba lilipo pa tepi? Pa 6 Julayi 1957 panali chisangalalo pa tchalitchi cha St Peter's ku Woolton, ndipo mnyamata wina amene anabwera ndi makina a Grundig anajambula The Quarrymen akuimba. Mu 1994 kampani ya EMI inagula tepiyo mapaundi 78,500 ku Sotheby's, koma sinayiike pa chimbale chifukwa mawu ake samveka bwino.

Nanga chimbale chawo cha 1968, cha chikuto choyera mbee, mumadziwa kuti zoyamba kutuluka zinkadindidwa nambala pa chikuto chilichonse? Nambala 0000001 inali kwa Ringo, yemwe anachisunga kubanki ku London zaka zoposa 35. Mu Disembala 2015 kampani ya Julien's Auctions inachigulitsa madola 790,000 a ku America. Pa okushoni yomweyo ng'oma zake za Ludwig zinagulidwa ndi Jim Irsay, yemwe panthawiyo anali mwini timu ya Indianapolis Colts, pa madola oposa 2 miliyoni.

Kodi mumadziwa kuti munthu wina analiza gitala ya John Lennon zaka zoposa 40 osadziwa mwini wake? Gitalayo, ya Gibson J-160E, inagulidwa mu 1962 ku Liverpool, ndipo inasowa mu Disembala 1963 gululo likuimba ku London nyengo ya Khirisimasi. Mu 1969 bambo wina wa ku San Diego anayigula kwa mnzake madola 175 okha. Kukayika kunamugwira patapita zaka zambiri, ataona m'magazini chithunzi cha gitala ya George yofanana ndi yakeyo. Katswiri wa zida za gululi, Andy Babiuk, anayerekeza mizere ya thabwa la gitalayo ndi zithunzi zakale, ndipo zinagwirizana ndendende, pakuti palibe matabwa awiri a mizere yofanana. Mu Novembala 2015 inagulitsidwa madola 2.41 miliyoni.

Ya Paul nayo inapezeka. Gitala yake ya besi ya Höfner, imene anagula mapaundi 30 ku Hamburg mu 1961, inabedwa m'galimoto ku Notting Hill mu Okutobala 1972. Okonda gululi atalengeza padziko lonse kuti akuyifuna, banja lina la ku Hastings linakumbukira kuti lili ndi gitala yakale m'kachipinda ka kudenga, ndipo mu Febuluwale 2024 zinatsimikizika kuti ili m'manja mwa mwini wake. Imeneyi siinapite ku okushoni, ndipo n'chifukwa chake nkhani yake imandikoma kuposa zina zonse za magitala. Gitala ina ya John, ya Framus ya nsambo 12, inapezekanso kudenga, n'kugulitsidwa pafupifupi madola 2.9 miliyoni ku New York mu Meyi 2024.

Kodi mumadziwa kuti chilipo chimbale chimene chithunzi chake chenicheni chinabisidwa pansi pa chinzake? Mu Juni 1966 kampani ya Capitol Records ku America inakonza chimbale cha Yesterday and Today. Pa chikuto panali chithunzi chojambulidwa ndi Robert Whitaker, anyamata anayiwo atavala makhoti oyera a ogulitsa nyama, pathupi pawo pali nthuli za nyama yaiwisi ndi zidole zothyoledwa mitu. Aulutsi a pa wailesi ndi eni masitolo anakana, ndipo kampaniyo inaitanitsa zimbale pafupifupi 750,000. Poona kuti kutaya zikuto zonsezo n'kuwononga ndalama, pa zambiri inangomatapo chithunzi china, cha anyamatawo atazungulira bokosi lalikulu la zovala. Mphekesera itamveka, achinyamata anayamba kumatula chithunzi chapamwambacho ndi nthunzi ya ketulo, ndipo ambiri anang'amba zonse ziwiri. Lero osonkhanitsa amagawa zimbalezi patatu: chimene sichinamatidwepo, chomatidwa chimene sichinakhudzidwe, ndi chomatulidwa. Wodziwa samatula ayi. Amangopendeketsa chikuto powala n'kufufuza kachidima kooneka ngati chilembo cha V chakumanja, kamene ndi juzi yakuda ya Ringo yoonekera kuchokera pansi. Chimbale chotere chimene chinali cha John mwini chinagulitsidwa mapaundi 180,000 ku Liverpool mu Meyi 2019.

Kodi mumadziwa kuti ngakhale dzino la John linagulitsidwa? Analipereka kwa mayi amene ankagwira ntchito m'nyumba mwake, ndipo mu Novembala 2011 dokotala wa mano wa ku Canada analigula mapaundi 19,500. Tsitsi lake, lometedwa ku Germany mu 1966, linapita pa madola 35,000 ku Dallas mu 2016. Mu 1964 amalonda ena ku America anagula nsalu za pabedi za m'mahotela mmene anyamatawa anagona, n'kuzidula tizidutswa togulitsa. Apa pokha ine sindivomereza. John tinamukonda chifukwa cha mawu ndi nyimbo zake, ndipo chiwalo cha munthu amene anatisiya n'choyenera ulemu, osati mpikisano wa mitengo.

Chenjeraninso ndi masiginecha. Gululi litatchuka, opempha anachuluka moti othandiza awo, makamaka Neil Aspinall, ankasainira anayi onsewo. Mapepala ambiri a nthawi imeneyo ndi akaledi, koma dzanja si la eni ake.

Chuma chenicheni kwa ine chili m'matepi. Kodi mumadziwa kuti pakati pa 1962 ndi 1965 The Beatles anaimba nyimbo 88 zosiyanasiyana pa wailesi ya BBC, ndipo 36 mwa izo sanaziike pa zimbale zawo za m'situdiyo? Masiku amenewo tepi inali yodula, choncho wailesiyo inkafufuta zakale n'kujambulapo zatsopano. Zina mwa nyimbozi zinapulumuka chifukwa cha omvera wamba amene ankajambula kunyumba pulogalamu ili mkati. Pa kanema zinali chimodzimodzi. Pa 16 Juni 1966 anayiwo anafika okha mu situdiyo ya pulogalamu ya Top of the Pops, koma tepi ya tsikulo inafufutidwa. Mu 2019 kwa wosonkhanitsa wina ku Mexico kunapezeka kafilimu ka masekondi 11, kopanda mawu, kamene banja lina linajambula polozetsa kamera pa wailesi yakanema. Masekondi 11 okha, koma nkhani yake inamveka m'mayiko ambiri.

Kodi mumadziwa kuti mwana wa sukulu wa zaka 15 ndiye anatisungira konsati yathunthu yakale zedi ya gululi ku Britain? Pa 4 Epulo 1963 The Beatles anaimba pa sukulu yogonera ya Stowe ku Buckinghamshire, atalipidwa mapaundi 100. Mnyamatayo anaika maikolofoni kutsogolo n'kujambula pafupifupi ola lathunthu. Tepiyo anakhala nayo zaka 60, inamveka koyamba pa BBC Radio 4 mu 2023, ndipo mwini wake anayipereka ku British Library m'malo moyigulitsa. Munthu ameneyu ndimamuvulira chipewa, chifukwa tepi yotsekeredwa m'nyumba ya wolemera mmodzi ili ngati nkhokwe yopanda khomo.

Koma si tepi iliyonse imene eni nyimbo ankafuna kuti imveke. Mu Disembala 1962 wina anajambula gululi ndi maikolofoni imodzi likuimba usiku ku Star-Club ku Hamburg, omwa mowa akusokosera. Zinatuluka pa chimbale mu 1977, anayiwo akukana. Mu 1998 George anakaima yekha m'khothi lalikulu ku London kuchitira umboni, ndipo khothilo linagamula mokomera The Beatles. Mtima wanga pano umagawanika. Woimba ali ndi ufulu wokana kuti ntchito yake yosapsa igulitsidwe ndi ena, komabe popanda tepi imeneyo sitikanadziwa ukali ndi liwiro limene anyamatawa ankaimbira asanatchuke.

Kodi mumadziwa kuti apolisi a mayiko awiri anachita kusaka matepi a The Beatles? Mu Januwale 1969 ojambula filimu ankatenga chilichonse chimene gululi linkachita pokonzekera nyimbo zatsopano, kuphatikizapo macheza ndi mikangano, pa makina a Nagra. Matepiwo anabedwa, ndipo kwa zaka zambiri zimene zinali mmenemo zinkagulitsidwa mobisa pa zimbale zopanda chilolezo, zimene osonkhanitsa amati bootleg. Mu Januwale 2003 apolisi a ku Britain ndi a ku Netherlands anapeza matepi pafupifupi 500 kufupi ndi Amsterdam. Wokonza mafilimu Peter Jackson atadzakonza filimu ya masiku amenewo ya Get Back, imene inatuluka mu 2021, anali ndi maola pafupifupi 60 a zithunzi ndi oposa 150 a mawu.

Nthawi zina lamulo ndilo limatsekula chitseko. Ku Ulaya nyimbo yojambulidwa ikatha zaka 50 isanatulutsidwe, umwini wake umatha, koma ikatulutsidwa umafika zaka 70. N'chifukwa chake mu Disembala 2013, masiku atatsala ochepa kuti chaka chithe, pa iTunes panatulukira mwakachetechete nyimbo 59 zojambulidwa mu 1963.

Kodi mumadziwa kuti nyimbo yomaliza ya gululi inachokera pa kaseti wamba? John anayijambula kunyumba kwake ku New York chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, akudzilizira piyano. Mkazi wake wamasiye, Yoko Ono, anapereka makaseti kwa Paul mu 1994, ndipo otsala atatuwo anamalizitsa nyimbo ziwiri, koma yachitatu inakanika chifukwa piyano inkaphimba mawu a John. Luso la kompyuta limene gulu la Peter Jackson linakonza pa filimu ija ndilo linadzalekanitsa mawuwo ndi piyano. Nyimboyo, Now and Then, inatuluka pa 2 Novembala 2023, inafika pa nambala 1 ku Britain, ndipo mu 2025 inapata mphoto ya Grammy.

Kusaka kotereku kunafikanso kwathu kuno. Zimbale za Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia, za m'ma 1970, monga Africa ya Amanaz ndi Lazy Bones!! ya WITCH, zonse za 1975, osonkhanitsa akunja amazifunafuna kwambiri. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles itatulutsanso nyimbo za WITCH mu 2012, woimba wa gululo, Jagari Chanda, anabwerera pa siteji, ndipo mu 2023 gululo linatulutsa chimbale chatsopano cha Zango. Ngati kunyumba kwa makolo ku Kitwe kapena ku Ndola kuli zimbale zoterezi, zichotseni padzuwa, ziimikeni chilili, ndipo musazigulitse musanafunse odziwa.

Nanga n'chiyani cha The Beatles chimene ngakhale akuba matepi sanachipeze? Zilipo ziwiri zimene osonkhanitsa amazilirira. China ndi Helter Skelter ya mphindi 27 ndi masekondi 11, yojambulidwa pa 18 Julayi 1968, pomwe ya pa chimbale siifika mphindi zisanu. Chinzake ndi Carnival of Light, ya mphindi 13 ndi masekondi 48, imene anajambula pa 5 Januwale 1967 kuti ikamveke pa chisangalalo china ku Roundhouse ku London. Paul ankafuna kuyiika pa Anthology 2 mu 1996, koma George anakana, ndipo mpaka lero siinatuluke. Amene anayimvapo amati ndi phokoso la zida ndi kufuula, osati nyimbo yovinika. Ngakhale zili choncho, bambo McCartney, inu ndi a Ringo mukadali moyo, gwirizanani ndi mabanja a anzanu awiriwo ndipo mutitulutsire tepi imeneyi, tidzimvere tokha.